Mphindi Zitatu Chikopa Chisanazizire

Ku Kafue kuno kudakali anthu amene amandiloza pamsika n'kuuza ana awo kuti mdala uyo anali ndi manja othamanga kuposa aliyense amene anaimbapo madiramu m'dziko muno. Kale ndinkakana. Kenako ndinayamba kuvomera. Tsopano zonse ziwiri zimanditopetsa, ndiye ndaganiza zolemba mmene zinakhalira, kuti wofunsa ndizingomupatsa pepala ine n'kukhala pansi. Sindiwonjezerapo kanthu. Mboni zanga zambiri zinamwalira, koma zinali mboni zabwino.

Bambo anga anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ine ndinakulira pafupi ndi siteshoni. Titalandira ufulu, tauni yathu inayamba kukula mwaukali. Munthu ukagona masana pansi pa mtengo unkadzuka uli m'kati mwa fakitale, kapitawo akukufunsa chifukwa chake sunavale ovolosi. Zinamuchitikira msuweni wanga, ndipo anagwira kumeneko mpaka penshoni. Ine ndinalowera pageti ngati munthu, ku fakitale ya feteleza. Anandipatsa ntchito yosoka matumba kukamwa, ndiponso nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri yokhala ndi mpopi m'kati. Mkazi wanga ankautsegula mpopiwo alendo akabwera, ngakhale asanapemphe madzi.

Mu holo ya ogwira ntchito munali zoimbira zimene kampani inagula kuti anyamata tisamathere Loweruka ku mowa. Tinapanga bandi ya anthu atatu. Mkulu wa bandi anali makanika, woimba gitala ndi pakamwa pomwe, watsitsi lalikulu moti mbalame zinkamuzungulira kufunafuna polowera. Wa besi, gitala ya mawu okhuthala, anali munthu wosalankhula. Mawu ake ndinawamva koyamba tsiku la ukwati wake, ndipo anali amodzi. Ine ndinakhala kumbuyo pa madiramu. Tinkaimba roko, ija ya magitala olira ngati macheka, Loweruka lililonse masana, dzuwa likuwotcha malata, achinyamata a mathalauza otambalala kumiyendo akusesa nawo simenti.

Madiramu a chizungu pamwamba pake si chikopa, ndi pulasitiki. Ndinaimenya pulasitikiyo chaka ndi theka mpaka inang'ambika, kuyambira ka sineya, kang'oma kaja kolira mokuwa kamene kamakhala pakati pa maondo, kenako zinzake. Inali nthawi imene malire a kumwera anali otsekedwa, ndipo m'masitolo ambiri munali mashelefu ndi wogulitsa basi. Ndinafunsa ku Lusaka konse, kulibe. Ndinayesa kukunga thumba la feteleza. Linkalira ngati munthu akumenya pilo m'nyumba ya eni.

Wa besi ndiye anandilozera, ndi mlomo, njira ya kumtsinje. Kumeneko kunali mdala wina wa Chitonga, woweta ng'ombe, amene ankakunga ng'oma za pamaliro. Ndinamupeza akupala chikopa pamthunzi. Anatenga sineya yanga, kuitembenuza, kuinunkhiza, kusuzumira m'kati.

"Kapoto aka kamalira?"

"Kamalira, ba mudala. Kafuna chabe chikumba."

"Ndiye ng'oma yanji ya chitsulo? Mzimu ukhala pati?"

"Ise sitiitana mizimu. Tiitana chabe atsikana."

Sanaseke. Anandiuza kuti ndibwere pakatha milungu iwiri. Nditabwerera ndinapeza zonse zitakungidwa: chikopa cha thole pa ting'onoting'ono, cha nkhunzi pa chachikulu chija chomenya ndi phazi, ubweya wina udakali m'mphepete. Ndinagogoda. Zinayankha ngati munthu wa chimfine. Mdala uja anasonkha moto, n'kuyandikiza sineya, akuitembenuza pang'onopang'ono ndi kuigogoda ndi chala. Mawu anayamba kukwera, kukwera, mpaka anafika pa "ta!" woti mano kuchita dzanzi.

"Wamva, mwanaangu? Chikopa chimamwa chinyezi. Usanaimbe uzichiwotha. Chikazizira chigona. Ukachipitiriza pamoto chiphulika. Zina zonse ni zako."

Kafue ndi tauni ya chinyezi. Nkhungu ya kumtsinje imalowa mpaka m'thumba la malaya. Choncho kuyambira tsiku limenelo ndinakhala woimba roko woyenda ndi mbaula. Anzanga akulumikiza mawaya, ine ndikupemerera malasha ndi chikatoni. Mbaulayo inkakhala pambali panga nyimbo zonse, ndipo zikopa zinkakhala zofunda ndi zaukali. Kunena zoona sindinamvepo madiramu olira bwino chotero, kale kapena pambuyo pake. Amayi ogulitsa panja pa holo ataona moto ukungowonongeka anayamba kuikapo chimanga. Ndine ndekha m'mbiri ya roko amene ndinamenyapo solo ndikutembenuza chimanga ndi phazi lamanzere. Sichinapserere. Wotsutsa akafunse wa besi, manda ake ali pafupi ndi msewu.

Loweruka lina kunabwera bambo wa jekete lachikopa, wa kampani ina yojambula nyimbo ku Lusaka. Anaimirira kumbuyo, kudya chimanga changa chimodzi, kenako n'kutengera mkulu wa bandi panja. Atabwerera, mkuluyo anandiyang'ana mosandiyang'ana.

"Atipatsa siku imodzi mu situdiyo. Rekodi ing'ono. Ikayenda, tiyenda ku Kopabeliti konse, ku matauni ya migodi, mahotela, maholo, vonse."

"Ndiye nkhope yagwa chifukwa chani?"

"Ati ku situdiyo ali na wa madiramu wao. Ali na mapulasitiki ochoka kunja. Ati ng'ombe zako zikavuta, iye azangena, ndipo amene amveka pa rekodi ndiye ayenda na bandi."

Munthu wanzeru akanapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Ine Lolemba lake ndinapita ku ofesi n'kusiya ntchito. Ndinkaganiza kuti munthu amene ali ndi pobwerera saimba ndi mtima wonse. Maganizo amenewo ndinali nawo ndekha, palibe anandipatsa, ndipo ndilibe woti ndimuimbe mlandu. Kalaliki anandikumbutsa mwaulemu kuti nyumba imatsata ntchito, ndipo tinali ndi mpaka kutha kwa mwezi.

Mkazi wanga anamva nkhaniyi akuphika. Anaika mthiko pansi bwinobwino.

"Imwe, bwerezani. Mwasiya nchito na nyumba ya pompi chifukwa cha ng'ombe yakufa?"

"Ni ng'ombe ziwiri."

"Ndiye zizatipatsa mukaka?"

Tsiku limenelo nshima ndinadya ndi mchere ndi maso ake.

Nyimbo imene tinkafuna kujambula inali ya mkulu wa bandi. Anaipeka poganizira amayi ake, amene anawasiya kumudzi kum'mawa n'kulonjeza kuti akawatenga akapeza nyumba. Inali nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, yolemera, yopitirira mphindi zisanu. Tikamaiimba mu holo anthu ankasiya kudumpha n'kugwirana, ndipo amuna akuluakulu ankayamba kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Ntchito yanga inali yochepa: kumenya kamodzi, kudikira, kumenyanso.

Tsiku lojambula linagwera pakati pa dzinja. Tinakwera m'mawa pamwamba pa lole yonyamula katundu, ife, magitala, madiramu, mbaula ndi thumba la malasha. Mvula inatipeza tisanathe n'komwe mapiri. Ndinavula jekete kufunditsa sineya, malaya kufunditsa tina, ine n'kutsala ndi vesiti. Sizinathandize. Pofika ku Chilanga zikopa zinali zitamwa madzi moti fungo la khola linabwerera, ndipo chachikulu chija chinalira chokha kawiri titadutsa pafupi ndi msipu. Woyendetsa lole anamva, anaima kuti aone ngati wagunda chiweto.

Situdiyo inali chipinda chopanda zenera, makoma ofewa ngati matiresi, pansi kapeti. Pakhoma panali makina opemerera mphepo yozizira, chifukwa ati zipangizo zawo sizifuna kutentha. Injiniya, mnyamata wa magalasi, anavala juzi ziwiri. Pakona panakhala wa madiramu wawo uja, akutafuna chingamu, akuzunguza timitengo pa zala. Madiramu ake anali pomwepo, oyera mbee, akuwala ngati mbale za paukwati. Sanandipatse moni. Anayang'ana ubweya wa m'mphepete mwa madiramu anga n'kufunsa injiniya ngati kuli katemera.

Ndinayamba kuthira malasha mu mbaula.

"Ba kamba, icho n'chani?" anafunsa injiniya, kunditchula mwaulemu wa ku Lusaka.

"Ni mbaula."

"Naona kuti ni mbaula. Ifuna chani muno?"

"Iimba naise."

"Moto muno? Pa kapeti? Pafupi na matepi? Iyai. Panja."

Tinakambirana, tinachonderera, mkulu wa bandi anatchula ngakhale ufulu umene tinalandira. Sizinatheke. Mbaula inakakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa kakhonde, ndipo pakati pa iyo ndi chipinda chojambulira panali khonde lalitali la zitseko ziwiri. Injiniya anatiuzanso kuti tepi ndi yosowa ngati pulasitiki yanga, ndiye tili ndi maulendo atatu okha. Zikakanika, wachingamu alowa.

Tinawotha zikopa mpaka zinalira "ta!" Tinathamanga nazo atatu, wa besi atakumbatira chachikulu, ine sineya kukhwapa, n'kuziika m'malo. Nyali yofiira inayaka. Ndime yoyamba inayenda bwino moti ndinayamba kuganiza za nsapato zimene ndidzavale pa chithunzi. Pakati pa ndime yachiwiri sineya inasiya kunena "ta" n'kuyamba "to". Pofika pamene mkulu wa bandi amaitana amayi ake mokweza, ine kumbuyo ndinali kumenya phala. Injiniya anakweza dzanja. Wachingamu anaphulitsa chingamu chake.

Wa besi anandionetsa wotchi yake n'kutambasula zala zitatu. Anali atawerenga. Kuchokera pamoto mpaka kugona kwa chikopa m'chipinda chozizira chija zinali mphindi zitatu. Nyimbo inali zisanu ndi kanthu. Ndinasiya sukulu msanga, koma masamu amenewo ndinawamva popanda mphunzitsi.

Ulendo wachiwiri ndinati ndiwothe kwambiri kuti kutentha kukhalitse. Mawu a mdala wa kumtsinje ndinawakumbuka bwinobwino, ndipo ndinawanyalanyaza bwinobwino. Kang'oma kena kakang'ono kanaphulika pamoto ndi phokoso loti mlonda wa pageti anagona pansi. Zotsalazo tinathamanga nazo. Zinapirira kufika ndime yachitatu, n'kugonanso. Injiniya anavula magalasi kupukuta. Wachingamu anaimirira, kuvula jekete, kulipachika pa mpando, n'kuyamba kuwongola zala chimodzichimodzi kuti ndizimve.

Kuseri kuja, ndikutembenuza sineya pamoto kachitatu, mvula ikudontha pa malata, sindinaganize za luso kapena za roko. Ndinaganiza za mpopi. Ndinaona mkazi wanga ali pa mzere wa madzi ku komboni ya Nangongwe ndi ndowa, akuuza amayi anzake kuti mwamuna wake anali woimba, tsiku limodzi, mpaka nthawi ya nkhomaliro. Mkulu wa bandi anandigwira paphewa.

"Mune, mnzanga, ngati yakanga, yakanika basi. Sinizakuzonda, sinizasunga chakukhosi."

Mawu okoma amenewo ndiwo anandiopsa kuposa zonse. Anali atanditsanzika kale.

Sindinauze aliyense chimene ndinaganiza, chifukwa akanakana. Tinathamanga, tinaika, nyali inayaka. Woyambitsa nyimbo ndi wa madiramu, pogundanitsa timitengo kanayi, ndipo liwiro limene wagundira ndi limene onse amatsata. Ndinagunda kanayi pa liwiro la munthu wothawa njuchi.

Mkulu wa bandi anatembenuka ndi maso a munthu amene waberedwa njinga akuona. Koma tepi inali ikuzungulira, ndipo unali ulendo womaliza. Analowa. Wa besi analowa, nkhope yake osasintha, zala zokha zikufuka utsi. Mawu aja achisoni, a mwana wopepesa amayi ake, anatuluka ngati kondakitala akuitanira anthu pa basi ya ku Lusaka. Ine ndinkathamangitsana ndi kuzizira. Ndinkakumva kukubwera m'timitengo, chikopa chikufewa pang'onopang'ono, ndipo chikafewa ine ndinkawonjezera liwiro. Pamapeto ndinazunguza madiramu onse, ndipo chifukwa zikopa zinali zikugona, mawu anatsetsereka okha kuchoka pamwamba mpaka pansi, ngati chinthu chikugwera m'chitsime. Ndinamenya komaliza. Ndikanamenyanso kamodzi, kukanamveka ng'ombe.

Nyali yofiira inazima. Thukuta linkadontha pa kapeti ya eni. Ndiye bambo wa jekete lachikopa uja, amene anali atakhala kuseri kwa galasi tsiku lonse, anatsegula chitseko.

"Iyo! Manje iyo ndiye nyimbo! Zija zoyamba nenze kugona. Na kaja ka pa lasiti, kogwa pansi, unakaphunzira kuti?"

"Ku Kafue," ndinayankha. Silinali bodza.

Wachingamu anavala jekete lake.

Pobwerera mkulu wa bandi sanandilankhule mpaka tinaona machumuni a mafakitale. Pamenepo anati, osanditembenukira, "Nyimbo ya amai anga waisandutsa mpikisano wa njinga." Ndinati pepani. Anati pepani saichedwetsa.

Rekodi inatuluka. Inalira pa wailesi, inalira m'mabala, inalira pa maukwati. Palibe amene anamva kuti ndi nyimbo yachisoni. Amayi ake a mkulu wa bandi anaimva kumudzi pa wailesi ya aphunzitsi, n'kutumiza kalata yofunsa kuti chikumuthamangitsa mwana wawo n'chiyani, ndipo ngati ndi apolisi abwere kwawo adzabisale.

Ndinapeza chimene ndinkafuna. Ndinakhala woimba madiramu wodya za madiramu, wopanda ntchito ina. Nyumba ya kampani tinatulukamo, tinapita ku Nangongwe, ndipo mpopi wa m'nyumba tinadzaupezanso ana atakula. Mkazi wanga sanaiwale tsiku ndi limodzi lomwe. Koma chimene sindinadziwe mu situdiyo muja n'chakuti liwiro limene ndinabwereka kwa mphindi zitatu ndidzakhala nalo moyo wonse. Kulikonse kumene tinapita, ku Kitwe, ku Ndola, ku Kabwe, ku Livingstone, anthu ankafuna liwiro la pa rekodi. Osati pa nyimbo ija yokha, pa zonse. Ndikayamba modekha ankakuwa, "Ba dirama, mwadwala?" Mabandi ena ankandibwereka chifukwa cha liwiro. Tinaimbapo pa ukwati wina kumene nyimbo yolowera akwati inatha mkwatibwi asanatsike m'galimoto. Tinachita kuiyambiranso.

Mapulasitiki anadzabwera m'masitolo, ndinagula, mbaula inapuma. Ine sindinapume. Anyamata ophunzira madiramu ankabwera kudzandifunsa chinsinsi cha kutsetsereka kwa mawu kuja, ena akumasula zomangira za madiramu awo pakati pa nyimbo kuti atengere. Ndinkawauza zoona, kuti inali ng'ombe yozizidwa. Ankaseka, n'kumati mdala safuna kugawa nzeru.

Zaka zimenezo ndimazikumbuka ngati msewu umodzi wautali ndili pamwamba pa lole, nditakhalira bokosi, mapewa akuyaka. Ndinkadzuka m'mawa zala zitapindika ngati ndagwira timitengo kutulo. Supuni inkagogoda yokha pa mbale. Kuchipatala namwino anandigwira pamkono kuti awerenge kugunda kwa mtima, n'kuyamba kugwedeza mutu motsatira. Izi zinalembedwa pa khadi langa, koma khadilo linadyedwa ndi chiswe. Kenako kunabwera madisiko, munthu mmodzi ndi mabokosi awiri akuchita ntchito ya bandi yonse osatuluka thukuta. Maholo anasiya kutiitana. Sindinalire. Ndinagona masiku anayi, ndipo mkazi wanga ankabwera ndi kagalasi kudzaona ngati ndikupuma.

Mkulu wa bandi anabwerera ku zitsulo zake. Amayi ake sanabwere konse ku Kafue, anamwalirira kumudzi. Chaka chatha, masana ena a mwezi wozizira, anatulukira pakhomo panga ndi gitala yamatabwa. Tsitsi lija linapita lonse, mbalame zinapeza kwina. Anakhala pa mpando osafunsa.

"Mune, tiyeko tiimbe ija. Kamodzi chabe. Mwamene ninailembera."

"Madiramu ninagulitsa kudala."

"Chidebe chiliko."

Mkazi wanga anabweretsa chidebe cha madzi n'kuchivundikira pansi. Anabweretsanso mbaula, osati ya chidebe, ya ine, chifukwa masiku ano manja anga sagwira kanthu ndisanawawothe. Ndinawatembenuza pamoto pang'onopang'ono mpaka zala zinavomera kupindika. Ndinatenga mithiko iwiri. Mumtima ndinati ndimusonyeze mkuluyu kuti liwiro lija lidakalipo, ndipo ndinagunda kanayi ndi mphamvu zanga zonse, mofulumira mmene ndikanathera.

Analowa osavutika. Anaimba ndime zonse, mawu aliwonse pamalo pake, mpaka pamene amaitana amayi ake. Mkazi wanga anaima pakhomo akuyang'ana malata. Titamaliza mkuluyo anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Iyo ndiye sipidi yake. Wenze kuti masiku yonse aya?"

Sindinamuuze kuti ndinali kuthamanga. Ndinabweza manja pa mbaula.